Maboti onyamula thandizo kupita ku Gaza: kodi maboma ayenera kuwateteza mpaka pati?

Usiku wa pa 1 Okutobala 2025, asilikali apamadzi a dziko la Israel anayamba kuimitsa ndi kukwera maboti oposa 40 amene ankapita ku Gaza atanyamula chakudya, mkaka wa ana ndi mankhwala. Pofika pa 3 Okutobala maboti onse anali atagwidwa. Anthu oposa 400 anatengedwa kupita ku doko la Ashdod, anatsekeredwa, kenako anabwezedwa kumayiko kwawo. Pakati pawo panali Mandla Mandela, mdzukulu wa Nelson Mandela, Mariana Mortágua, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Portugal, ndi Greta Thunberg wa ku Sweden. Maboti oyamba anagwidwira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku gombe la Gaza, pa madzi amene si a dziko lililonse.

Masiku ochepa izi zisanachitike, mayiko a Italy ndi Spain anali atatumiza sitima zawo zankhondo kuti ziperekeze mabotiwo. Sitimazo zinaima patali, sizinafike nawo pamene panali ngozi. Mkangano wagona pamenepa: anthu wamba akanyamula chakudya kupita nacho kwa anzawo amene akufa ndi njala, maboma awo ali ndi udindo wanji pa iwo, ndipo udindowo umathera pati?

Gaza wake uti?

Gaza ameneyu si chigawo cha Gaza cha kuno ku Moçambique, chimene likulu lake ndi Xai-Xai. Ndi kadera ka anthu a ku Palestina, kotalika makilomita 41, ndipo m'lifupi mwake ndi makilomita pakati pa 6 ndi 12. Distrito ya Angónia yokha ndi yaikulu kangapo kuposa kaderaka, koma m'menemo mukukhala anthu oposa 2 miliyoni. Kumpoto ndi kum'mawa kuli Israel, kumwera kuli Egypt, kumadzulo kuli nyanja ya Mediterranean.

Akuluakulu amene anaona nkhondo ya zaka 16 akukumbukira kuti zinthu zikathina, banja linkanyamuka usiku kudzera m'tinjira ta m'minda n'kukatulukira ku Malawi kapena ku Zambia. Ku Gaza tinjira totere kulibe. Malire onse ndi mpanda wa waya ndi makoma a simenti, ndipo katundu amalowera pa zipata zochepa, monga Kerem Shalom. Kuyambira 2007, pamene gulu la Hamas linalanda ulamuliro wa Gaza, dziko la Israel lakhala likulamula chimene chilowe ndi chimene chisalowe, ndipo dziko la Egypt nalo lakhala likutseka chipata chake nthawi zambiri. Mu Januwale 2009, boma la Israel linalengeza kuti latsekanso njira ya panyanja. Chifukwa chimene limapereka n'chakuti likufuna kuletsa zida zankhondo kufika kwa Hamas.

Pa 7 Okutobala 2023, Hamas ndi magulu ena anathira nkhondo kumwera kwa Israel. Anapha anthu pafupifupi 1,200, ambiri a iwo anthu wamba, ndipo anagwira ena pafupifupi 250 n'kupita nawo ku Gaza. Nkhondo imene inatsatira yapha anthu a ku Palestina oposa 67,000 m'zaka ziwiri, malinga ndi unduna wa zaumoyo wa ku Gaza.

Mlimi angafunse kuti, nanga anthuwo salima okha? Ankalima. Nkhondo isanayambe ku Gaza kunali minda ya tomato, nkhaka, mbatata, malalanje ndi maolivi, kunali makola a nkhuku ndi nkhosa, kunalinso asodzi. Mu Meyi 2025 bungwe la FAO linalengeza kuti pa mahekitala 100 alionse a minda ya ku Gaza, osakwana 5 ndi amene anali otheka kulimidwa. Ena onse anali atawonongeka ndi mabomba ndi akasinja, kapena anali m'madera amene asilikali saloleza munthu kupondamo. Zitsime zambiri zothirira zinawonongeka, ziweto zambiri zinafa, ndipo asodzi analetsedwa kulowa m'nyanja. Munthu amene munda wake, khola lake ndi bwato lake zapita zonse, nsima yake ili m'manja mwa amene wagwira kiyi wa chipata.

Nkhondo isanayambe, malole pafupifupi 500 ankalowa ku Gaza tsiku lililonse la ntchito. Pa 2 Malichi 2025 boma la Israel linatseka zipata zonse, ndipo kwa masabata 11 sikunalowe ngakhale thumba limodzi la ufa. Zipata zitatsegulidwa pang'ono mu Meyi, gawo lalikulu la ntchito yogawa chakudya linaperekedwa kwa bungwe latsopano lotchedwa Gaza Humanitarian Foundation, lothandizidwa ndi Israel ndi America, limene linali ndi malo anayi okha ogawira. Ofesi ya ONU yoona za ufulu wa anthu inawerenga anthu oposa 1,000 amene anaphedwa akufunafuna chakudya m'miyezi iwiri yoyamba, ambiri mwa kuwomberedwa pafupi ndi malo amenewa.

Pa 22 Ogasiti 2025, akatswiri a ndondomeko yoyezera njala ya IPC analengeza kuti mu mzinda wa Gaza ndi madera ozungulira mwagwa chilala cha njala cha mlingo wa 5, womwe ndi wotsiriza. Ndondomeko yomweyi ndi imene SETSAN imagwiritsa ntchito poyeza njala m'madistrito a Moçambique, ndipo mlingo wa 5 sautchula wamba. Umatanthauza kuti banja limodzi mwa asanu alionse lilibiretu chakudya, ana pafupifupi atatu mwa khumi alionse anyentchera koopsa, ndipo anthu awiri mwa 10,000 alionse akufa tsiku lililonse ndi njala kapena matenda obwera ndi njala. Boma la Israel linakana lipotili. Limanenanso kuti Hamas imaba thandizo, pamene mabungwe a ONU amati sanaone umboni wakuti thandizo lawo likubedwa mwa dongosolo ndi gululo.

Katundu wa m'maboti ndi wochepa

Apa ndi bwino kunena zoona zake: maboti amenewa sangadyetse Gaza. Ku Gaza kulibe doko la sitima zikuluzikulu, kuli kadoko ka asodzi basi. Mu Malichi 2024 sitima ya Open Arms inachoka ku Cyprus, ndi chilolezo cha Israel, itakoka matani 200 a chakudya cha bungwe la World Central Kitchen. Matani 200 ndi matumba 4,000 a makilogalamu 50, katundu wa malole khumi. Pa 1 Epulo chaka chomwecho, antchito asanu ndi awiri a bungweli anaphedwa ndi ndege za Israel, ndipo njira imeneyo inaima. Dziko la America linamanga doko loyandama la ndalama pafupifupi madola 230 miliyoni. Mafunde ankaliphwasula, ndipo linagwira ntchito masiku pafupifupi 20 okha lisanachotsedwe mu Julayi 2024.

Maboti a anthu wamba ndi ang'onoang'ono kuposa pamenepa. Boti la Madleen, limene linagwidwa pa 9 Juni 2025 lili ndi anthu 12, boma la Israel linati katundu wake sankadzaza ngakhale lole imodzi. Okonza maulendowa sakana zimenezi. Iwo amati cholinga chawo ndi kutsegula njira ndi kukakamiza maboma kuti achite zimene anasainira. N'chifukwa chake mu Seputembala 2025 anakana maganizo akuti akatsitse katundu ku Cyprus kapena ku doko la Israel la Ashkelon kuti ena akapereke. Ena amawadzudzula pa chisankho chimenechi, ndipo nduna yaikulu ya Italy, Giorgia Meloni, inati ulendowo unali woika moyo pachiswe popanda chifukwa. Koma pa nthawi imeneyo chakudya chambiri chinali chitaunjikana kale m'nyumba zosungiramo katundu ku Egypt ndi ku Jordan, chikudikira chilolezo. Kuwonjezera matumba ena pa mulu umenewo sikukanasintha kanthu.

Zimene malamulo amanena

Udindo woyamba uli pa dziko limene lagwira zipata. Pangano lachinayi la Geneva la 1949 limati dziko limene likulamulira dera la eni ake ndi mphamvu ya asilikali liyenera kuonetsetsa kuti anthu a m'deralo ali ndi chakudya ndi mankhwala, ndipo ngati zikuperewera, liyenera kulola ndi kuthandiza kuti thandizo lochokera kunja lilowe. Lili ndi ufulu wofufuza m'katundumo kuti muli zida kapena ayi. Ufulu wokana kuti katunduyo alowe lilibe. Kugwiritsa ntchito njala ya anthu wamba ngati chida cha nkhondo ndi mlandu, ndipo ndi umodzi mwa milandu imene khoti la ICC linatchula pa 21 Novembala 2024 potulutsa zikalata zomangira nduna yaikulu ya Israel, Benjamin Netanyahu, ndi yemwe anali nduna ya chitetezo, Yoav Gallant. Onse awiri amaukana mlanduwo, ndipo sanaimepo pamaso pa khotilo.

Za panyanja zili ndi malamulo ake. Pangano la ONU la 1982 limapatsa dziko lililonse madzi ake ofika makilomita pafupifupi 22 kuchokera ku gombe. Kupitirira pamenepo sitima ili ndi ufulu woyenda, ndipo imakhala pansi pa ulamuliro wa dziko limene mbendera yake yakwezedwa pa sitimayo. Asilikali a dziko lina sakwera sitima yotere mwachisawawa.

Pa nthawi ya nkhondo pali mpata umodzi, ndipo ndi umene boma la Israel limaimirapo. Dziko likalengeza kuti latseka gombe la mdani wake, likhoza kugwira sitima zofuna kudutsa ngakhale zili kutali. Koma buku la San Remo la 1994, limene linasonkhanitsa malamulo a nkhondo ya panyanja, limaika malire pa mpata umenewu. Kutsekako n'kosaloledwa ngati cholinga chake ndi kupha anthu wamba ndi njala, kapena ngati mavuto amene kukubweretsa pa anthu wamba aposa phindu la nkhondo limene likuyembekezeka. Ndipo ngati anthu akusowa chakudya, wotsekayo ayenera kulola kuti chakudya chidutse.

Mkangano uwu si wa lero. Pa 31 Meyi 2010 asilikali a Israel anakwera sitima ya Mavi Marmara pakati pa nyanja. Anthu asanu ndi anayi anafera pomwepo, wa khumi anamwalira mu 2014 ndi mabala ake. Makomiti awiri a ONU anafufuza nkhaniyi ndipo sanagwirizane. Ya khonsolo ya ufulu wa anthu inati kutseka Gaza kunali kosaloledwa, choncho kugwira sitimayo kunalinso kolakwika. Ina, yotsogozedwa ndi Geoffrey Palmer wa ku New Zealand, inati mu 2011 kutseka nyanja kunali kololedwa, koma mphamvu imene asilikali anagwiritsa ntchito inali yopyola muyeso. Boma la Israel limatchula lipoti la Palmer mpaka lero. Chimene chiyenera kukumbukiridwa n'chakuti lipotilo linalembedwa Gaza asanagwe m'chilala cha njala. Muyeso wa San Remo umayang'ana mmene anthu wamba akuvutikira pa nthawiyo, ndipo n'kovuta kuona mmene kutseka kumene kunkatsutsidwa kale mu 2010 kungakhalire kololedwa m'chaka chimene ana akufa ndi njala.

Nkhani ya mbendera

Mbendera ya pa sitima ili ngati chitupa cha munthu pa malire. Ikakhalapo, pali boma limene lingamulankhulire. Ikachotsedwa, sitimayo imakhala yopanda mwini pamaso pa malamulo ndipo singanyamuke pa doko.

Sitima ya Mavi Marmara inali ndi mbendera ya Comores, tizilumba ta m'nyanja ya pakati pa Moçambique ndi Madagascar. Mu 2013 dziko laling'onoli linatengera nkhaniyi ku khoti la ICC. Woimira milandu wa khotilo, Fatou Bensouda, anati mu 2014 panali chifukwa chokhulupirira kuti pa sitimayo panachitika milandu ya nkhondo, koma nkhaniyo sinali yaikulu mokwanira kuti khoti liitsegule. Dziko la Turkey, kwawo kwa ophedwawo, linakakamira njira ya ukazembe. Boma la Israel linapepesa mu 2013, ndipo mu 2016 linavomera kulipira madola 20 miliyoni kwa mabanja.

Mayiko ena anachita zosiyana. Mu Epulo 2024 sitima zinali zokonzeka kunyamuka ku Istanbul, imodzi itanyamula matani oposa 5,000 a thandizo, omwe ndi matumba oposa 100,000. Ofesi yolembetsa sitima ya Guiné-Bissau inachotsa mbendera yake pa sitima ziwiri, ndipo ulendowo unafera padoko. Okonza ulendo anati izi zinachitika chifukwa cha kukakamizidwa ndi Israel. Pa maulendo a anthu wamba a m'nkhondo ino, uwu ndi umene unali ndi katundu wooneka, ndipo unaimitsidwa ndi kalata ya mu ofesi popanda kuwomba mfuti.

Nanga kutumiza sitima zankhondo?

Palibe pangano limene limakakamiza boma kutumiza sitima yankhondo kuti iperekeze boti la thandizo mpaka kudutsa asilikali a dziko lina. Amene amanena kuti lamulo lotere lilipo amawonjezera. Zimene zilipo ndi izi. Sitima iliyonse, kuphatikizapo yankhondo, iyenera kupulumutsa anthu amene ali pangozi panyanja. Dziko la mbendera lili ndi ufulu wotsutsa ndi kufuna chipukuta misozi sitima yake ikagwidwa molakwika. Akazembe ali ndi ufulu woona nzika zawo zikatsekeredwa. Ndipo ndime yoyamba ya mapangano onse anayi a Geneva imati mayiko osaina ayenera kuwalemekeza ndi kuonetsetsa kuti akulemekezedwa. Mawu otsirizawa ndi olemera, chifukwa amatanthauza kuti boma silingangoti manja anga ndi oyera pamene lili ndi njira yokakamizira mnzake amene akuphwanya pangano.

Zimene zinachitika mu Seputembala 2025 zikusonyeza pamene maboma anaimira. Maboti a ulendo wa Global Sumud Flotilla ananyamuka ku Barcelona pa 31 Ogasiti. Ali padoko ku Tunisia, maboti awiri anayaka moto, limodzi la mbendera ya Portugal, lina la Britain, ndipo okonza ulendo anati anaphulitsidwa ndi ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, zija amati drone. Pa 16 Seputembala nduna za zakunja za mayiko 16, kuphatikizapo South Africa, Brazil, Spain ndi Turkey, zinachenjeza kuti aliyense wochitira chiwembu mabotiwo adzayankha mlandu. Patapita sabata imodzi, ma drone anaponyanso zophulika pa maboti pafupi ndi chilumba cha Crete. Apa m'pamene Italy ndi Spain anatumiza sitima zawo. Maboma onse awiri ananeneratu kuti sitimazo n'zopulumutsira anthu, osati zomenyera nkhondo, ndipo ya Italy inaima pa mtunda wa makilomita pafupifupi 280 kuchokera ku Gaza.

Sizovuta kumvetsa chifukwa chake. Palibe boma limene likufuna kuti asilikali ake awomberane ndi a Israel chifukwa cha maboti 40. Koma pakati pa kuwomberana ndi kukhala chete pali mtunda wautali, ndipo mayiko ochepa ndi amene auyenda. Dziko la Colombia linaletsa kugulitsa malasha ku Israel, ndipo maboti atagwidwa linathamangitsa akazembe a Israel amene anatsala m'dzikomo. Dziko la Germany linalengeza mu Ogasiti 2025 kuti laimitsa kutumiza zida zimene zingagwiritsidwe ntchito ku Gaza. Dziko la Spain linakhazikitsa lamulo loletsa malonda a zida ndi Israel. Dziko la South Africa linatsegula mlandu ku khoti la mayiko onse la ICJ pa 29 Disembala 2023, ndipo khotilo linalamula Israel katatu mu 2024, mu Januwale, Malichi ndi Meyi, kuti ilole thandizo kulowa. Mlandu waukulu, wofuna kupha mtundu wonse, umene Israel imaukana, sunagamulidwe.

Mayiko ambiri, makamaka amene ali ndi mphamvu pa Israel kudzera mu zida ndi malonda, anathera pa kulemba zikalata zodandaula. Udindo wawo waukulu sunali pa maboti ayi, unali pa zipata za pamtunda, ndipo zipatazo zikanakhala zotsegula anthu wamba sakanalowa m'maboti.

Mbali ya Moçambique

Dziko la Moçambique linavomereza boma la Palestina mu 1988. Mu 2023 ndi 2024 linali ndi mpando mu khonsolo ya chitetezo ya ONU, ndipo pa 25 Malichi 2024 kazembe wake, Pedro Comissário, ndi amene anapereka chikalata cha chigamulo nambala 2728 m'malo mwa mayiko khumi osankhidwa. Chigamulocho chinalamula kuti nkhondo iime m'mwezi wa Ramadan, kuti onse ogwidwa ndi Hamas amasulidwe popanda zokambirana, ndipo chinabwereza kuti zotchinga zonse za thandizo zichotsedwe. Mayiko 14 anavomera, America sinavote. Aka kanali koyamba kuti khonsoloyo ilamule kuima kwa nkhondoyi, koma chigamulocho sichinatsatidwe.

Mfundo yakuti chakudya chidutse ngakhale mfuti zikulira si yachilendo m'dziko muno. M'chilala cha 1992, boma ndi Renamo anasaina ku Roma, pa 16 Julayi, chikalata cholola kuti thandizo lifike kwa anthu onse mosayang'ana dera limene ali. Izi zinachitika miyezi pafupifupi itatu pangano la mtendere la pa 4 Okutobala lisanasainidwe.

Ku Gaza mfuti zinaima pa 10 Okutobala 2025, ndipo pa 13 Okutobala Hamas inamasula anthu 20 amoyo amene anatsala m'manja mwake. Mgwirizanowo unalonjeza malole 600 patsiku, koma m'masabata oyamba mabungwe a ONU ankati olowa anali ochepa kuposa ofunika, ndipo chipata cha Rafah chinali chikadali chotseka. Pa 22 Okutobala khoti la ICJ linapereka maganizo ake akuti Israel ili ndi udindo wolola ndi kuthandiza ntchito za thandizo za ONU, kuphatikizapo za UNRWA, bungwe losamalira othawa kwawo a ku Palestina limene nyumba ya malamulo ya Israel inaliletsa mu 2024. Boma la Israel linakana maganizowo. Bungwe la UNRWA linati lili ndi katundu wodzaza malole pafupifupi 6,000 ku Jordan ndi ku Egypt, kuphatikizapo chakudya chokwanira anthu onse a ku Gaza kwa miyezi itatu, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala linali lisanaloledwe kumulowetsa. Njira ya panyanja nayo inali isanatsegulidwe.